Ndani Ankathirira Kamtengo?

Sarita anakumana ndi Prabin pamalo okwerera basi ku Ota, m'dziko la Japan, m'mawa wina wozizira, akukangana ndi foni yake. Foniyo inkamuuza kuti atchule mawu a Chijapani, iye akatchula, iyo n'kukana.

"Chemwali, mukuikalipira ngati mbuzi yolowa m'dimba," anatero mnyamata wina m'chinenero cha kwawo ku Nepal. "Inyengerereni."

"Inu ndinu aphunzitsi?"

"Ayi, ndimawotcherera zitsulo. Koma mafoni amandimvera."

Matama ake munthu ameneyu! Komabe basi isanafike kufakitale kumene Sarita ankalongedza mpunga m'timabokosi, anali atapatsana manambala.

Pulogalamu yophunzirira Chijapaniyo inali ndi kamtengo ka anthu awiri. Onse akaphunzira tsikulo, kankaphuka tsamba. Mmodzi akajomba, kankafota. Kwa Sarita sanali masewera. Anali atalephera mayeso kawiri, ndipo abwana anamuuza mosapita m'mbali kuti akalepheranso mu Disembala, ntchito yatha, azibwerera kwawo.

"Duwa langa, ukangokhoza ndikukaonekera kwa makolo ako," Prabin ankatero. "Kamtengo kathu sikadzafota, ngakhale nditafa."

"Iwe, usalankhule zamalodza!"

Mu Ogasiti Prabin anayamba kutsokomola ndi kuwonda. Anati akupita kwawo ku Pokhara kukapuma. "Kachifuwa chabe, wapamtima. Ndibwera ndi mphete."

Poyamba ankaimba foni tsiku ndi tsiku. Pofika Okutobala anasiya, n'kumangotumiza mauthenga: "Pakhosi pakupweteka. Werengani mwakhama."

Werengani? Anayamba liti ulemu umenewu, munthu amene ankamutcha kamutu kouma?

Kamtengo kankaphukabe m'mawa uliwonse. Koma Sarita atasuzumira zimene mnzakeyo ankaphunzira, thupi linachita tsembwe. Prabin, amene ankaseka nthabwala ndi Ajapani kuntchito, anali atabwerera paphunziro loyamba: madzi, galu, zikomo. Ndipo ankalakwitsa!

Kodi wapeza wina? Kodi matenda amusokoneza mutu? Kawiri konse Sarita anamuona ataima pamalo a basi paja, atavala jekete lake lobiriwira, koma poyandikira ankapeza munthu wachilendo. Mantha ankamugwira, chikondi chinkamupweteka. Akafuna kufunsa, uthenga unkabwera: "Mayeso kaye, duwa langa." Iye n'kutsegula phunziro.

Zotsatira zinatuluka kumapeto kwa Januwale. Wakhoza! Ali chiimire pakhomo la fakitale, anamuimbira Prabin foni ya kanema. Inaitana nthawi yaitali. Amene anayankha anali mtsikana wa maso ngati a Prabin.

"Alamu," anatero mtsikanayo. "Ndine Anju, mlongo wake."

"Mpatse foni! Muuze ndakhoza!"

Anju anangopendeketsa foni. Pakhoma panali chithunzi cha Prabin, atachikoleka nkhata ya maluwa achikasu.

"Achimwene anatisiya mu Okutobala."

"Bodza! Lero lomwe wathirira kamtengo!"

"Ndimathirira ndine, alamu. Kuchipatala anandigwira dzanja, anandilumbiritsa. Anati, 'Sarita akamva sakalemba mayeso, amubweza. Usajombe ngakhale tsiku limodzi.' Ine Chijapani sindichidziwa, ndimangobwereza phunziro loyamba lomwelo. Ndikhululukeni."

Sarita anakhala pansi pasimenti yozizira. Miyezi itatu yathunthu akutumiza mawu achikondi kwa munthu amene mtembo wake unali utawotchedwa kale n'kusanduka phulusa! Analira mokweza, anzake akuntchito akumulambalala mwaulemu. Anamukwiyira Prabin ndi mtima wonse, ndipo anamukonda kuposa kale.

M'mawa mwake anaima pamalo a basi, kalata yoti ntchito ipitirira ili m'chikwama. Foni inalira. Kwa nthawi yoyamba, tsamba limodzi la kamtengo linali litafota, ndipo pansi pake panalembedwa kuti: "Prabin sanaphunzire lero. Kodi timukumbutse?"

Basi inabwera, inatsegula chitseko, inadikira, inapita.

Sarita anadina kuti, "Inde."