Ine Ndiye Ndinkakhala Mtembo

M'nyumba mwathu aliyense anali ndi ntchito yake. Mayi Gedge ankaphika. A Pomfret ankayang'anira antchito ndi kusunga makiyi. Mlongo wanga Lucian ankafufuza imfa za anthu. Ine ntchito yanga inali yokhala mtembo.

Musaganize kuti Lucian anali wapolisi. Munthu wa banja lathu sagwira ntchito yolipidwa, amati n'zamanyazi. Bambo atamwalira, nyumba, minda ndi dzina laulemu zonse zinagwera iye poti ndi mwamuna, ngakhale wamkulu ndine. Anzake amene anabwerako ku nkhondo ankataya nthawi n'kusaka nkhandwe ndi agalu. Iye nkhandwe zinamutopetsa, anayamba kusaka anthu. Akangomva kuti kwinakwake munthu wafa mosadziwika bwino, ankaliza galimoto kukalowerera ntchito ya apolisi. Apolisiwo m'malo momuthamangitsa ankamuvulira zipewa.

Njira yake inali imodzi. Ankati imfa sungaimvetse usanaione ndi maso, choncho madzulo tikatha kudya ankaibwereza m'nyumba mwathu ngati sewero. A Pomfret ankakhala wakupha, nkhope ili gwaa ngati akubweretsa tiyi. Ine ankandiveka chovala cha womwalirayo, chobwereka kupolisi, n'kundigoneka pansi. Ndagonapo pansi pa tebulo, pakhonde, ngakhale m'khola la akavalo. Zinkandinyansa, sindibisa. Koma mkazi wosakwatiwa wa msinkhu wanga, wodya za mlongo wake, sakana zambiri. Ndinalibe kwina kolowera.

Tsiku lina mvula inawaza kuyambira m'mawa. Tinadya nyama ya nkhosa yozizira ndi mbatatesi, Lucian akungomwetulira yekha. Nkhani inali ya Mayi Selina Tranter, mkazi wa mwini chigayo cha kumunsi kwa mudzi, amene anapezeka atafa pansi pa masitepe a m'nyumba mwawo. Apolisi anati anaterereka. Lucian sanakhutire.

"Achemwali, lero simuvutika," anatero akupukuta pakamwa. "Kungogona basi. Chafufumimba, manja otambasula, mmene wapolisi anawapezera."

"Pa miyala yozizira ija, achimwene? Bwanji osagonapo inuyo tsiku limodzi?"

"Ine ndikafa, aganize ndani?"

Anandifunditsa shawelo yotuwa ya Mayi Tranter. Inkanunkha ufa wa tirigu ndi sopo wotchipa. Ndinagona pansi pa masitepe athu aakulu, tsaya lili pa mwala. Lamulo linali lomwe lija la masiku onse: mtembo sutsegula maso, sulankhula, mpaka iye atanena. Anazimitsa nyale kuti mdima ufanane ndi wa usiku wa ngoziyo. Kenako iye ndi a Pomfret anakwera m'mwamba kukayambira sewero la mkangano kuchipinda chakumapeto. Ndinamva chitseko chikutsekeka kutali.

Ndinatsala ndekha. Mvula pamawindo. Wotchi yaikulu ya pakona. Kuzizira kunalowa m'chiuno, ndipo ndinayamba kumutukwana Lucian chamumtima.

Ndiye ndinamva mapazi.

Sankachokera m'mwamba. Ankachokera kukhomo lakumbuyo, lolowera anthu obweretsa mkaka ndi ufa. Nsapato za a Pomfret zimalira, ndimazidziwa. Awa anali mapazi opanda nsapato. Phazi limodzi linkaponda, lina linkakhwekhwereka.

Fungo la ufa linakula. Munthuyo anaima pamutu panga. Ndinamva nsalu ikukhwepa, maondo akugunda pa mwala. Wagwada. Ndinatchera khutu kuti ndimve kupuma kwake. Sankapuma.

"Pepani, dona."

Anali mawu a mkazi wakumudzi, otsika, aulemu.

"Sindinagone chonchi ayi."

Ndinafuna kudzuka. Thupi linakana. Ngakhale chala sichinagwedezeke, ngakhale chikope. Manja ake anandigwira m'mapewa, ozizira, okhakhala, amphamvu ngati a munthu wozolowera kukanda buledi. Ananditembenuzira chammbali mosavutikira. Anatenga dzanja langa lamanja, kulipindira kumsana, n'kulikweza. Analikwezabe. Phewa linati thwa. Ululu unandibaya mpaka m'mano, koma mawu sanatuluke.

Kenako anagwira mutu wanga ndi manja onse awiri. Anautembenuzira kumanzere pang'onopang'ono, mpaka pamene khosi limalekezera. Sanalekeze pamenepo. Misozi inatsikira m'khutu.

Atamaliza, anakoka diresi langa kuphimba miyendo, n'kukonza shawelo bwinobwino.

"Eya, chonchi. Zikomo, dona. Mundikhululukire pokuvutitsani."

Mapazi aja anabwerera kumene anachokera. Chitseko sindinachimve.

Patapita kanthawi Lucian anatsika ndi kandulo, a Pomfret ali pambuyo.

"Achemwali, mwasunthiranji? Ndinati chafufu..." Mawu anathera m'kamwa. Anandizungulira. "Pomfret, taonani dzanjalo. Munthu wogwa yekha amatsogoza manja. Ili ndi dzanja lopotokoledwa ndi munthu wina."

"Zoona, bwana."

Anasangalala ngati mwana wopatsidwa switi. Chimene ndinkalirira sanafunse.

Usiku womwewo, titakhala pamoto m'chipinda cha mabuku, ndinamuuza zonse. Anamvetsera osandidula. Kenako anagwira mkono wanga n'kuuyandikiza ku nyale. Panali zidindo za zala, zoyera ndi ufa. Anazipukuta ndi kansalu kake, kukapinda mosamala, n'kukaika m'thumba.

"Mwatopa, achemwali," anatero mofatsa. "Azakhali a Drusilla anayambanso chonchi, kumva mawu."

Azakhali athuwo anawatsekera ku nyumba ya amisala ine ndili mtsikana, ndipo anafera komweko. Pamangofunika mawu a mwini banja ndi a madokotala, ndipo madokotala a kuno amadya patebulo pathu.

"Ndiwaitane a dokotala mawa?"

"Ayi, achimwene. Ndinangosinza, n'kulota."

"Ndimadziwa ine."

Manda a Mayi Tranter anawafukula. Phewa lamanja linapezeka loguluka. Mwamuna wawo anavomera kuti anawapotokola dzanja, kuwakankha, kenako n'kuwagoneka bwino asanaitane wapolisi. Anamupachika nyengo yozizira isanathe. Manyuzipepala anatamanda nzeru za Lucian, ndipo iye anadula zithunzi zake n'kuzikhoma kukhoma.

Chimene chimandiwawa n'chakuti anandikhulupirira. Sananenepo, koma zochita zake zinasintha. A Pomfret anasiya kukhala wakupha. Tsopano Lucian amandiveka chovala, kundigoneka, kuthamangitsira antchito onse kukhitchini, kuzimitsa nyale, n'kukakhala panja pa chitseko akusuta kaliwo wake. Amadikira. Akalowa amabwera ndi kandulo, n'kuyang'ana mmene ndagonera.

Ndipo amabweradi. Kunabwera nkhalamba ina imene inamwetsedwa poizoni, inandipinda mpaka maondo anagunda chibwano. Kunabwera mlonda wa nyama za m'nkhalango, amene anafera pa mpanda wa waya. Palibe amene amandichitira ukali. Onse amapepesa, onse amathokoza. Koma palibe amene amafunsa ngati thupi la munthu wamoyo lingapirire zimene lawo linapirira. Khosi langa silinawongokenso. Kutchalitchi ndimayang'ana abusa chammbali.

Kukhitchini amanong'onezana kuti akufa anapeza wowabwereka thupi, ndipo akuuzana okhaokha kumandako. Atsikana antchito akandiona m'khonde amakhotera kwina. Kumudzi, amayi amakokera ana awo m'nyumba ndikamadutsa. Ena akuti tsiku lina kudzabwera wina amene sadzabweza chimene wabwereka.

Mayi Gedge okha ndi amene anandilankhula poyera. Anandipeza ndikulephera kunyamula kapu ya tiyi.

"Dona, thawani m'nyumba muno. Ndakulerani ine, sindingakunamizeni."

"Ndipite kuti, mayi?"

Anangoyang'ana pansi, n'kuyamba kupukuta tebulo loyera kale.

Lero Lucian wabwera ndi nkhani yatsopano. Mtsikana wokama ng'ombe, Keziah Plumb, anapezeka m'dziwe la kuseri kwa famu ya abwana ake. Apolisi akuti anadziponyamo yekha chifukwa cha chibwenzi. Lucian sakukhutira. Wabweretsa diresi lake la buluu, likadali lonyowa, lonunkha matope. Walamula kuti bafa lalikulu la m'mwamba alidzaze madzi ozizira. Kuyambira titatha kudya ndakhala ndikumva atsikana akukwera ndi zidebe.

Ndinamutsatira m'khonde. Ndinamugwira dzanja, chinthu chimene sindinachitepo chichokereni ku ubwana.

"Achimwene, iyi yokha ndisiyeni. Ndapota nanu."

"Simumira, achemwali. Mugona chagada, madzi angofika m'makutu. Ndayeza ndekha."

"Nanga akabwera mwini wake?"

"Ndani?" Anandiyang'ana m'maso, akumwetulira pang'ono. "Paja munati munangolota."

Ndinasiya dzanja lake. Ndili ndi mantha, mantha amene sindinakhalepo nawo. Ndikakana, mawa kubwera dokotala ndi galimoto yotseka mawindo. Ndikavomera, ndigona chagada mmene iye akufunira, ndipo nyale zizimitsidwa.

Koma Keziah sanagone chagada. Bambo amene anamuvuula anauza Mayi Gedge m'mawa uno pobweretsa mkaka. Anamupeza chafufumimba, nkhope itamira m'matope, ngati munthu woponderezedwa pamutu. Lucian akudziwa zimenezi, poti anali pomwepo pamene ankamuvuula.

Zidebe zasiya kulira tsopano. Diresi lija lili pabedi panga, likudontha. Wina akugogoda pachitseko, mofatsa, ndipo sindikudziwa ngati ndi mlongo wanga.