Katani ya Kuchipinda kwa Niilo

Azakhali a Lempi anatsika masitepe atanyamula kapu ngati umboni wopita nawo kukhoti. Atafika m'khitchini anaivundikira patebulo. M'malo moti madzi atayike, panagwa chibuma cha madzi oundana chimene chinatsetsereka mpaka kukagunda mbale ya Kaisa.

"Reino, taona," anatero kwa mlongo wawo, bambo ake a Kaisa. "Kapu iyi ndinaisiya dzulo pansi, pafupi ndi bedi la mwana wako. Mwana wodwala mphumu n'kumamugoneka m'furiji?"

A Reino anali atangofika kuchokera kuntchito yawo yokankha chipale chofewa m'misewu, maso ali psuu ndi tulo. "Nyumbayi ndi yakale, Lempi. Iwenso unakulira mommuno."

"N'chifukwa chake ndinathawa. Lamlungu ndikubwerera kumzinda wa Milwaukee ndipo Niilo ndipita naye. Adzabwera chipale chikadzasungunuka."

Kumtunda kunamveka Niilo akutsokomola. Kaisa, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, anacheukira kumasitepe. Kwathu kuno chipale sichimva zonena za munthu, chimatha kukhala mpaka mwezi wa Meyi. Ndipo chimwalirireni amayi awo, iye ndi kamlongo kakeko anali asanasiyanepo.

"Azakhali, mphepo ikulowera pazenera basi," anatero. "Ndikasoka katani yochindikala, m'chipindamo mufunda."

"Iweyo? Batani la jekete lako lomwe likulendewera."

"Ndisoka."

Azakhali anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Chabwino. Kapu ndiziika pamalo pomwe paja madzulo alionse. Madzi akapezeka oundana Lamlungu m'mawa, sindifuna kuona msozi wa munthu."

Lachisanu atangoweruka kusukulu, Kaisa anavundukula makina osokera a malemu amayi ake. Kunja anaika nsalu ya maluwa, pakati bulangete lakale laubweya, kenako pulasitiki ya kubafa yotchinga chinyezi. Koma Kaisa ndi mwana waphuma, chinthu akachiyamba lero amafuna chikanatha dzulo. Anathyola masingano awiri, anayeza galasi lokha osawerengera felemu, ndipo dzuwa lisanalowe katani inali italendewera kale pazenera. Kukongola inakongola, izo sitingakane.

Loweruka m'mawa azakhali anatosa m'kapu ndi chala. Kachigamba kopyapyala ka madzi oundana kanasweka. Anangotsitsa sutikesi pamwamba pa kabati n'kuyamba kupinda majuzi a Niilo.

Kaisa anatuluka panja misozi ili chapafupi. Anatenga ndowa ya mchere n'kuyamba kuwaza pamasitepe a pakhonde monga ankachitira Loweruka lililonse. Ayezi anayamba kung'aluka, timadzi tikuyenderera m'mbali. Anaima, n'kuyang'ana mchere umene unali m'dzanja lake. Mwana aliyense wa kuno amadziwa kuti madzi othira mchere saundana msanga. Kungothira pang'ono m'kapu muja azakhali akatuluka, mawa madzi apezeka ali bwinobwino, nkhani yatha. Anatapa wodzaza dzanja n'kuuika m'thumba la jekete.

Anakwera kuchipinda kuti akapeze pobisa mcherewo. Anapeza Niilo atakhala pabedi, atavala chipewa ndi magolovesi, akujambula galu. Kanatsokomola mpaka mapewa kugwedera, kenako kanamwetulira ngati palibe chachitika.

"Kaisa, katani yako ikupuma."

"Usandiyambe, iwe."

"Zoona! Tayang'ana, ikumafufuma kenako n'kuphwa. Mphepo yake imandipeza apa." Analoza khosi lake.

Kaisa anayang'ana khosi lowondalo, ndipo manyazi anamugwira. Mchere ukanapusitsa azakhali, koma mawa lake Niilo akanagonabe mumphepo yomweyo. Ananyowetsa kuseri kwa dzanja lake n'kuliyendetsa m'mphepete mwa katani. M'mbali munkatuluka mphepo. Pansi inkatsika yozizira ngati madzi a pampopi. Pamwamba panali mpata woti mphaka n'kudutsa.

Anathamangira kunsi, anakhuthula mchere uja pamasitepe, n'kukagwedeza bambo ake amene ankawodzera pampando.

"Adadi, dzukani! Ndikufuna hamala, thabwa ndi zivindikiro zonse za mabotolo a jamu."

"Watani mwana iwe? Nyumba yapsa?"

"Ikanapsa bwenzi tikufunda. Dzukani!"

Masana onsewo m'nyumba munali chipwirikiti. Kaisa anasomola m'mbali mwa katani n'kulumikiza zigamba za jekete lofiira lakale la bambo ake losakira nyama kuti ikwane felemu yonse. Niilo anatumidwa kukazula maginito onse a pafuriji, ndipo anabwera nawo m'chipewa: wansomba, wakachalichi, wina wosonyeza nambala ya dokotala wamano. Kaisa anawasokerera m'mipendero mmodzimmodzi, pang'onopang'ono, mwina kwa nthawi yoyamba m'moyo wake. A Reino anakhomera zivindikiro zachitsulo zija pafelemu moyang'anizana ndi maginito, pamwamba n'kutseka mpata ndi thabwa. Mpendero wapansi anaudzaza mpunga kuti ulemere.

Azakhali ankangodutsadutsa pakhomo atanyamula khofi. Ulendo wina analephera kupirira. "Pinda kawiri pamenepo, mpunga utayika. Osati kuti ndikukuthandiza."

Pamene ankaikoleka, kunja kunali kutayamba kuda. Kaisa anaitsitsa, ndipo maginito anagwira zivindikiro, kha, kha, kha, mpaka pansi. Tsopano katani inali yoipa maonekedwe, maluwa pakati, zigamba zofiira m'mbali, koma inaima duu osagwedera. Azakhali anaika kapu yawo pansi n'kupita kukaphika.

Lamlungu kunacha kukuzizira kuposa masiku onse, moti mitengo inkathetheka ndi chisanu kunkhalango. Onse anakwera kuchipinda, azakhali patsogolo. Anawerama, ananyamula kapu n'kuigwedeza. Madzi anakhavukira pa malaya awo.

Niilo anakuwa mokondwa. Kaisa anali pafupi kudumpha ndi chimwemwe pamene anaona azakhali akupititsa kapuyo kukamwa. Anamwa pang'ono, n'kuwayendetsa madziwo m'kamwa, maso ali pa Kaisa.

"Ndimafuna ndimve ngati muli mchere," anatero. "Ana a m'nyumba muno ndimawadziwa, ndinali mmodzi wa iwo."

Kaisa anakumbukira mchere wadzulo uja. Anagwira felemu ya chitseko, thukuta likutuluka ngakhale kunali chisanu chotero.

"Madzi okhaokha," anatero azakhali.

A Reino anakanda ndevu zawo. "Ine sindinagone bwino. Ndinazolowera kumamva chifuwa chake kudzera padenga. Kutangoti zii chonchija ndinachita mantha, mpaka ndinakwera kudzaona ngati akupuma. Ndinamupeza atataya bulangete limodzi pansi."

Azakhali anatembenukira kukhoma n'kumina kwa nthawi yaitali. Kenako anatsegula sutikesi ija n'kukhuthulira majuzi onse pabedi.

"Upinde wekha, iwe kamnyamata. Ndipo iwe Kaisa, pa Khirisimasi ndikufuna katani ziwiri za kuchipinda kwanga. Koma zopanda jekete la bambo ako."

Atamwa khofi, azakhali analowa m'galimoto yawo okha, mpando wakumbuyo uli ndi chikwama chawo basi. Kaisa anawaperekeza mpaka pageti, chimwemwe chitamudzaza moti sanamve n'komwe kuti watuluka wopanda magolovesi. Atacheuka anaona Niilo pazenera lakumtunda, atakweza ngodya ya katani, akubayibitsa ndi manja onse awiri.

"Iwe!" anakuwa Kaisa. "Ukatha kubayibitsako utseke!"