Mwala Woyera ndi Mwala Wotuwa

Rute ankakhala ku Kasakula, m'mapiri a ku Ntchisi. Mnzake wapamtima anali Khadijah. Koma tsiku lina awiriwa anakangana. Anakanganirana miyala!

Azakhali ake a Rute, a Tereza, anali atabwera kudzacheza. Iwo amagwira ntchito yofufuza miyala kutali, kufupi ndi nyanja yamchere. Anabweretsa miyala iwiri yochokera m'mayiko awiri. Woyera anapatsa Khadijah. Wotuwa anapatsa Rute.

"Mwala wanga ndi wakale kuposa wako," anatero Khadijah.

"Bodza! Wakale ndi wanga," anatero Rute.

"Ndi wanga!"

"Ndi wanga!"

Khadijah anathamangira kugolosale ya bambo ake. Rute anatsala yekha pakhonde. Analibe wosewera naye phada. Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Chavuta n'chiyani, mwana wanga?" anafunsa azakhali.

Rute anafotokoza zonse.

"Kamuitane mnzakoyo," anatero azakhali. "Tidzaifunse miyalayo."

Rute anapita, koma mokoka miyendo. "Azakhali akukuitana," anatero osamuyang'ana. "Utenge mwala wako."

Atsikanawo atafika, azakhali anabenthula mwala woyera. Anabenthulanso mwala wotuwa. Ananyika zibenthuzo m'makapu awiri a madzi. Zinafewa, zinafewa, mpaka zinasanduka matope. Anatsuka matopewo pasefa. Panatsala timchenga. Anatiyanika padzuwa.

Kenako anatulutsa maikulosikopu, chida chokulitsa tinthu ting'onoting'ono.

Rute anasuzumira timchenga ta mwala wake. "Ii! Si mchenga ayi! Ndi tizigoba! Tikuoneka ngati timipira tomatana!"

Khadijah anasuzumira take. "Inenso! Timipira tomatana!"

"Timeneti ndi tizigoba ta tizamoyo ta m'nyanja," anatero azakhali. "Tizamoyoti tinkayandama m'madzi kalekale. Tikafa, tinkamira pansi. Matope ankatikwirira. Pamwamba pake ankabweranso matope ena. Kenako matopewo anauma n'kukhala miyala."

"Nanga wakale ndi uti?" anafunsa Rute.

"Nthawi iliyonse inali ndi tizamoyo take," anatero azakhali. "Mtundu wina ukatha, kunkabwera wina. Tayang'ananinso. Tizigoba tanu n'tosiyana?"

Rute anayang'ana ta Khadijah. Khadijah anayang'ana ta Rute. Anayang'ana, anayang'ananso.

"N'tofanana!" anafuula Rute. "Ndiye kuti miyala yathu inapangidwa nthawi imodzi!"

"Wakhoza," anatero azakhali. "Wina wachokera dziko lina, winayo dziko linanso kutali uko. Koma palibe wamkulu, palibe wamng'ono."

Khadijah anayang'ana pansi. "Pepa, Rute."

"Nanenso pepa," anatero Rute. Anasendera kuti akhale pampando umodzi.

Posakhalitsa bambo ake a Rute anafika kuchokera kumunda wa mbatatesi. Anatula khasu.

"Ababa, bwerani mudzaone!" anatero Rute.

Bambo anawerama. Anatsinzina diso limodzi. "Ine sindikuona kanthu. Ndi mdima wokhawokha."

"Mwatsinzina diso lolakwika, ababa!"

Onse anafa nacho chiseko. Rute anawagwira mutu mosamala. Khadijah anawasunthira chidacho pafupi. Bambo anasuzumiranso. Ulendo uno anationa tizigoba tija.

"Ana inu," anatero motsitsa mawu, "kaitaneni amayi ake a Rute. Izi sindingaone ndekha."

Rute ndi Khadijah anagwirana manja n'kuthamanga.