Khomo Limene Tisauke Anagwapo

Yoramu ankatsekera mbuzi m'khola dzuwa litapendeka pamene galu wake, Tisauke, anayambanso kuzungulira. Ankazungulira mbali imodzi ngati wamangidwa pachikhomo, kenako khu! pansi, miyendo kupalasa, thovu kukamwa. Yoramu anataya mpiringidzo, nam'funditsa thumba, nam'gwira mutu kuti usamenyeke pamwala.

Matendawa anali ndi mwini wake. Chaka chathacho galuyu anaba nyama ya insa pamoto, ndipo Yoramu anam'khoma ndi mpini pamutu. Kugwa kunayambira pomwepo. Chisoni chinam'gwira Yoramu osam'siya. Munthu wamkulu, ndevu pepeya, ankalawirira kuphikira galu phala, mpaka mkazi wake Selestina ankamunyogodola kuti watenga mkazi wachiwiri wamiyendo inayi.

Koma zakugwazi ankabisa. Zaka zimenezo galu wathovu kukamwa ankatchedwa wachiwewe, ndipo amesenjala a boma ankangowombera. Komanso Yoramu anali wobwera ku Bundabunda kuno, wochokera ku Fort Jameson, wolima munda wopempha. Wobwera safuna kutchuka.

Mvula itayamba, m'mudzi munalowa mphepo yoipa. Mwana wa Matthias, bambo amene anapatsa Yoramu mundawo, anagona bwinobwino, kutacha n'kupezeka wozizira. Amayi olawirira kuchitsime ankapeza mapazi a fisi atazungulira nyumba, osaoneka kumene achokera. Madzulo kunkabwera fungo la ubweya wopserera, nkhuku n'kumakana kulowa m'khola. Posakhalitsa mwana wina anatsatira.

Tsiku la maliro achiwiriwo Tisauke anadula chingwe. Anadutsa pakati pa olira ali dzandidzandi, nakagwa pakhomo la Jenala, mayi wamasiye wopanda mwana, wochokera kum'mawa ngati Yoramu yemwe. Nyimbo inaduka. Paja amati galu amaona zimene munthu saona.

Yoramu ankadziwa chimene galu anapitira kumeneko. Kupatula Selestina, Jenala yekha ndiye ankadziwa chinsinsicho. Ankam'sungira Tisauke phala la gaga m'phale, ndipo galuyo akamva kuti mutu wayamba, ankathawira kwa iye.

Matthias anatembenuka, maso ali psuu. "Ba Yoramu, galu wanu anachitapo so kale?"

Jenala anamuyang'ana Yoramu, osaphethira. Yoramu anaganiza za mfuti ya amesenjala, anaganiza za munda.

"Iyai," anatero. "Ni koyamba."

Jenala sanatsutse. Anthu anamutcha mfiti, namuuza kuti dzuwa lisam'lowere m'mudzimo, ndipo iye anamanga kamtolo kake. Podutsa anawerama n'kusisita galuyo, nauza Yoramu motsitsa mawu kuti phala azilidikira lizizire, lotentha amasanza. Patapita masiku, abusa a ng'ombe anam'peza pansi pa mtengo m'njira yopita ku Chongwe, mvula itam'thera pathupi, atauma kale.

Kuyambira apo Yoramu analibenso mtendere. Ankadziwa kuti wapha munthu ndi mawu, popanda nyanga kapena mankhwala. Tisauke naye sanasiye ulendo wake. Madzulo aliwonse ankapita kunyumba yopanda munthuyo, n'kubwerako mimba ili tuu, gaga ali kukamwa.

Tsiku lina Yoramu anam'tsatira. Udzu unali utamera pakhomo, phulusa la pamafuwa litanyowa ndi mvula. Koma m'phale munali phala. Analikhudza ndi chala: lozizira bwinobwino, monga galu wodwala amafunira. M'nyumbamo wina anatsokomola, kachifuwa kouma kamene Yoramu ankakadziwa. Anabwerera cham'mbuyo, ndipo sanauze ngakhale Selestina. Mawa lake anamanga galuyo ndi luzi lolimba.

Imfa sinapite ndi Jenala. Mwana wachitatu atamwalira, amuna anafika pabwalo la Yoramu m'mamawa, Matthias ali patsogolo. Anati mfiti inatsala ina, galu amasulidwe awasonyeze.

Yoramu anam'masula. Mumtima ankapemphera kuti galuyo angogona pansi, asalowere khomo la munthu. Tisauke anayenda pang'ono, naima, nayamba kuzungulira. Kenako anabwerera, nagwa pamapazi a mbuye wake.

Yoramu sanaganize n'komwe. Anagwada, nakoka thumba, naika mutu wa galu pamiyendo pake, napukuta thovu. Manja ake ankaidziwa ntchitoyo, ndipo aliyense anaona kuti anaizolowera.

"Adwala chabe," anatero, misozi ikutsika. "Nine ninamumenya na mpini. Ba Jenala sanalakwe chilichonse."

Kunkamveka mano a galu okha akukukuta.

"Lelo wagwa pali imwe, ndiye adwala," anatero Matthias. "Pamene anagwa pali ba Jenala, munakamba kuti ni koyamba."

Amuna aja anasendera pafupi, koma Yoramu sanasiye mutu wa galuyo.