Belu Lolira Lokha ku Namitambo

Chaka cha chilala cha 1992, tchalitchi china kuseri kwa Namitambo chinalandira mphatso: kabokosi koyendera batire, koliza belu pa nthawi yake popanda munthu wokoka chingwe. Anthu anakanyadira, mpaka usiku umene belulo linalira kunja kuli bii. Linalira pang'onopang'ono, kamodzikamodzi, monga lilirira pa maliro.

Mayi Dorothy, a m'mudzi wapafupi ndi tchalitchicho, anadzidzimuka. Amuna awo, a Jeremiah, anali atagonekedwa m'chipatala ku Nguludi chifukwa cha chifuwa, ndipo m'mudzimo munalibenso wodwala wina. Anamanga chitenje m'chiuno nayamba kulira. Kutacha anayenda wapansi mpaka ku Nguludi, nakawapeza a Jeremiah ali moyo, akudandaula kuti m'phala mwachepa shuga.

Usiku wotsatira belulo linaliranso. Agalu anauwa, kenaka onse zii. Azibambo a m'mudzimo anapita kutchalitchiko ndi nyali, napeza chitseko chili chokhoma, m'katimo mulibe ngakhale mphaka.

"Likuitana munthu limeneli," ananong'ona a Ruth, oyandikana nyumba ndi Mayi Dorothy. "Silisiya mpaka litatenga wake."

Mawu amenewo anawalanda tulo Mayi Dorothy. Belu likangoti ngo, iwo mtima phwii, ankangoona bokosi la maliro.

Abusa anaitanitsa Stefano, mmisiri wa ku Blantyre amene analemba malangizo oyendetsa kabokosiko. Anakapenda mpaka madzulo, Mayi Dorothy ali pakhomo la tchalitchi kudikira.

"Mayi, si mzimu ayi," anatero Stefano. "Batire ikafooka usiku, kabokosika kamagona kuti kasunge mphamvu. Kakadzidzimuka, kamathamangira ntchito wotchi yake yam'kati isanakhazikike, ndiye kamangomenya belu ngati munthu wodzuka tulo tili m'maso."

"Ndiye mukatani, achimwene?"

"Ndikaphunzitsa kudikira pang'ono kakadzuka. Basi."

Mayi Dorothy sanakhulupirire. Mankhwala anji amenewo, kungodikira? Usiku umenewo anachezera pakhonde atafunda chitenje, makutu ali kutchalitchi. Nkhululu zinalira, mphepo inagwedeza nandolo kumunda, tambala analira. Belu osalira.

Dzuwa likutuluka, kunjira kunamveka ngiri ngiri. Mayi Dorothy anaimirira nayang'ana kunjirako. Linali belu la njinga, ndipo pakaliyala panakhala a Jeremiah, owonda, koma maso ali gwa. Misozi inangotsika yokha, ya chimwemwe chenicheni.

"Amake Gladson, mukuliranso?" anatero a Jeremiah potsika. "Ndamva maliro anga munalira kale. Lero tangoterekani tiyi, shuga wake wokwanira."