Sikina Apeza Pogona

Sikina anali mtsikana wa ku Lirangwe. Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Iye ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuti mlongo wake Useni achire.

Useni ankatsokomola. Ankatsokomola m'mawa. Ankatsokomola masana. Anasiya kudya. Anasiya kusewera. Kenako anasiya kuyenda.

Abambo awo anali kutali. Ankagwira ntchito kumigodi ya ku Joni. Choncho amayi anabereka Useni kumsana. Sikina anasenza phukusi la zovala ndi ufa. Anakwera basi. Anafika kuchipatala china cha kufupi ndi Chileka.

Adokotala anamuyeza Useni.

"Mwanayu ali ndi chifuwa chachikulu," anatero adokotala. "Agone kuno miyezi iwiri. Azibayidwa jakisoni tsiku ndi tsiku."

"Nanga ife tizikhala kuti?" anafunsa amayi.

"Pepani mayi, muno mwadzaza. Muzibwera masana kudzamudyetsa."

Panja panali mtengo wa mango. Amayi ndi Sikina anakhala pansi pa mtengowo. Ankaphika pomwepo. Ankagona pomwepo.

Tsiku lachinayi kunagwa mvula. Zovala zinanyowa. Nkhuni zinanyowa. Ufa nawo unanyowa.

Amayi anagwira tsaya.

"Sikina, mawa tibwerera kwathu. Useni timutenga."

"Koma sanachire, amayi!"

"Ndikudziwa, mwanangu. Koma kuno tilibe m'bale. Tilibe pogona."

Sikina anatenga chidebe. Anapita kumpopi akulira. Kumpopi anapezako mayi wina. Mayiyo anali ndi ndowa yaikulu yodzaza madzi.

"Ndikutwikeni, mayi?" anafunsa Sikina.

Anagwira ndowa mbali iyi. Mayiyo anagwira mbali inayo. Ndowa inakhala pamutu.

"Zikomo, mwanangu. Nanga maso afiira bwanji?"

Sikina anafotokoza za Useni. Anafotokoza za mvula. Kenako analimba mtima.

"Mayi, kwanu kulibe kakhonde koti tizigonapo? Ine ndizisesa pabwalo. Ndizitunganso madzi."

"Pakhonde? Ayi, pakhonde pamazizira. Tiye ukandionetse amayi ako."

Anafika pamtengo wa mango.

"Muli bwanji, mayi? Ine ndine make Lily. Nyumba yathu ndi iyo, ya malata. Tiyeni muzikakhala kwathu."

"Koma sitikudziwana," anatero amayi a Sikina.

"Tadziwana lero. Nyamulani katundu."

Kunyumbako kunali kachipinda ka chimanga. Bambo a panyumbapo anali a Thomson. Iwo ankagwira ntchito kubwalo la ndege. Atamva nkhaniyo anavula jekete. Anatulutsa matumba onse. Mwana wawo Lily anabwera ndi matsache awiri. Lily anasesa uku. Sikina anasesa uko.

Madzulo kunabwera amayi a Mvano, anzawo a make Lily a kutchalitchi. Wina anabweretsa mphasa. Wina anabweretsa bulangete. Wina anabweretsa nkhuni zouma. Wina anabweretsa mazira asanu m'kambale.

Amayi a Sikina anawomba m'manja.

"Ndiye sitipita mawa, eti amayi?" anafunsa Sikina.

"Sitipita, mwanangu. Sitipita."

M'mawa uliwonse amayi ankaphika phala. Sikina ankasinja mtedza wothira m'phalamo. Kenako ankanyamula phalalo mpaka kuchipatala. Amayi ankalowa nalo, koma ana osadwala sankaloledwa kulowa. Choncho Sikina ankaima pawindo.

"Useni, idya!" ankatero.

Useni anadya supuni imodzi. Mawa lake anadya masupuni atatu.

Koma tsiku lina thupi lake linatentha kwambiri. Sanadye. Sanayang'anenso pawindo. Amayi anakhala pambali pake tsiku lonse.

Sikina anabwerera yekha. Anakhala pakhonde ali ndwii.

Make Lily anakhala naye pafupi.

"Bwera ndikuluke tsitsi," anatero.

Anamuluka pang'onopang'ono. Anachapanso zovala za Useni. Lily anabwera ndi mbatata yootcha. Anaibenthula pakati. Anadya limodzi.

Patapita masiku awiri, Sikina anaimanso pawindo. Useni anali atakhala tsonga! Mbale inali mbee!

"Sikina, lina lilipo?" anafunsa Useni.

Sikina anathamanga mpaka kunyumba.

"Wamaliza! Wamaliza phala lonse! Akufuna lina!"

Masiku anapita. Masabata anapita. Masaya a Useni anabwerera. Chifuwa chinaleka.

Miyezi iwiri itakwana, adokotala anamuyezanso.

"Mnyamatayu wapeza bwino. Atha kutuluka. Koma azimwabe mankhwala kunyumba. Musadumphitse."

"Ine ndizimukumbutsa!" anakuwa Sikina pawindo.

Adokotala anaseka.

A Thomson anabwera ndi njinga yawo pageti. Anayala chitenje pakaliyala.

"Kwera, mphwanga. Ndikufikitse kunyumba."

"Ayi," anatero Useni. "Ndiyenda ndekha."

Useni anaponda phazi limodzi. Anaponda linalo. Anayenda. Anayenda. Sikina anali kumanja kwake. Amayi anali kumanzere. A Thomson ankakankha njinga m'mbuyo.

Make Lily ndi Lily ankadikira pabwalo. Pabwalo pomwepo panali tambala wofiira. Useni anamuona tambalayo. Anataya dzanja la amayi. Anayamba kumuthamangitsa.

"Iwe Useni, ugwa!" anakuwa amayi.

Koma amayiwo ankaseka. Misozi inali mbwembwembwe.

Make Lily analuluta nthungululu. Anthu a nyumba zapafupi anatuluka.

"Kwagwanji?"

"Mwana wathu wachira!" anayankha make Lily. "Taonani liwiro!"

Tambala anathawira kuseri kwa nyumba. Useni anamutsatira. Sikina anatsatira Useni. Anamugwira pafupi ndi nthochi. Onse awiri anagwa pansi, akuseka.