Tsitsi la Chitsamba Lamwa Oilo

Uyu ndi Chitsamba. Si dzina lake lenileni ayi. Amamutcha choncho chifukwa cha tsitsi. Tsitsi lake ndi lambiri. Lambiri zedi! Ngakhale chipeso chimaliopa.

Bambo ake ndi makaniko. Iwo tsitsi alibe. Ali ndi dazi.

Bambo amatsuka mainjini pagalaja. Madzi ake amatuluka akuda bii. Pamwamba pamayandama oilo. Oiloyo amatsikira m'ngalande.

Lolemba kunabwera mayi a zaukhondo. Anayang'ana m'ngalande. Anapukusa mutu.

"Bambo, oiloyu akuwononga madzi," anatero. "Ndibweranso Lachisanu. Ndikamupeza, titseka galaja."

Bambo anayesa kutapa oilo ndi chitini. Oilo anathawa. Anayesa sefa. Oilo anadutsa. Bambo anakhala pansi, dzanja patsaya. Chitsamba anamva chisoni.

Lachinayi m'mawa, amayi ankamupaka mafuta kumutu. Anapaka. Anapakanso.

"Koma tsitsi lakoli!" anatero amayi. "Limamwa mafuta ngati lili ndi ludzu."

Chitsamba anadzambatuka. "Amayi, kodi oilo si mafutanso?"

"Ndi mafuta, eya. Takhala pansi ndikupese!"

Koma Chitsamba anali atatuluka kale. Liwiro!

Amalume ake ndi ometa. M'shopu mwawo tsitsi linali mbwee pansi.

"Amalume, ndipatseniko tsitsi lotayali."

"Lakolo lakuchepera?" anaseka amalume.

Chitsamba anasesa. Analonga tsitsi m'masokosi akale. Anadzaza masokosi atatu. Kenako anawagoneka mopingasa ngalande.

Madzi anadutsa. Oilo sanadutse. Anakakamira kutsitsi!

"Bambo, bwerani mudzaone!"

Koma m'mbali munatsala kampata. Oilo ankazembera pomwepo. Ndipo tsitsi la kwa amalume linali litatha.

Chitsamba anagwira mutu wake. Tsitsi lake amalikonda. Amalikonda kwambiri. Komabe ananyamuka. Anabwerera kushopu. Anakwera pampando.

"Amalume, ndimeteni."

"Amayi ako avomera?"

Amayi anali pakhomo pa shopu, chipeso chili m'manja. Anali atamutsatira.

"Mumeteni, achimwene," anatero. "Manja angawa apumeko."

Tsitsi linagwa. Linagwanso. Linadzaza sokosi yaikulu ya bambo. Kampata kaja kanatsekeka.

Lachisanu mayi a zaukhondo anafika. Anatunga madzi m'botolo. Anawaunika padzuwa. Madzi anali oyera mbee!

"Galaja sititseka," anatero. "Masokosi akakhuta oilo, muziwaika mu mgolo. Ife tizibwera kudzatenga. Nanga nzeruyi ndi ya ndani?"

Bambo ananyamula Chitsamba m'mwamba. "Ndi ya mwana wanga uyu!"

Amayi analulutira. Amalume anawomba m'manja. Mitu iwiri inawala padzuwa. Wa bambo. Wa mwana.

Bambo anamusisita mpala wake. "Nanga tsopano tizikutcha ndani, mwanawe?"

"Chitsamba chomwecho, bambo," anayankha. "Langali limeranso. Lanulo kaya!"